Mapulogalamu Obadwa ndi Foni: Akaonongeka Adzawakonza Ndani?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Pa 1 Novembala 2025 kampani ya Google inakhazikitsa lamulo limene anthu ambiri okhala ndi mafoni sanalimve konse, ngakhale kuti likukhudza makina amene ali m'matumba mwawo. Lamulolo likuti mapulogalamu atsopano operekedwa ku sitolo ya Google Play, olembedwera Android 15 kapena wotsatira wake, ayenera kutha kugwira ntchito pa mafoni amene amagawa memory yawo m'masamba a 16 KB, m'malo mwa masamba a 4 KB amene akhala akugwiritsidwa ntchito chiyambire. Miyezi inayi lamuloli lisanafike, pa 20 Juni 2025, maiko a European Union anayamba kukakamiza opanga mafoni kuti azitumiza zokonza za pulogalamu yoyendetsa foni kwa zaka zosachepera 5 kuchokera tsiku limene aleka kugulitsa mtundu wa foniyo. Malamulo awiriwa achokera ku mabwalo osiyana, limodzi kwa amalonda ndi lina kwa maboma, koma tikawatsata bwino tipeza kuti onse alikuloza malo amodzi, ndiwo chipinda chotseka cha m'kati mwa foni mmene mumakhala mapulogalamu oikidwiratu ku fakitale pamodzi ndi zida zawo.

Awerengi athu adziwa kale kuti munthu akagula foni ya Android naiyatsa koyamba, amapeza kuti m'nyumbamo muli kale anthu. Muli pulogalamu yoimbira, ya mauthenga, ya kamera, ya nyimbo, ndiponso ina yambiri imene wopanga foni waonjezera mwa kufuna kwake kapena chifukwa cholandira ndalama kwa eni ake. Mwini foni sanawaitane alendo amenewa, ndipo ambiri a iwo sangathe kuwathamangitsa. Angathe kuwagoneka tulo, koma kuwachotseratu n'kosatheka kwa munthu wamba.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti pulogalamu siyenda yokha. Mbali yaikulu ya pulogalamu ya Android imalembedwa m'chinenero cha Java kapena Kotlin, ndipo pakati pa iyo ndi makina pamakhala kapitao woiyang'anira, amene amaletsa kuti isalembe pamalo posayenera. Koma pali ntchito zina zolemera, monga kumasula chithunzi, kuonetsa kanema, kusefa mawu ndi kubisa chinsinsi cha uthenga, zimene zimafuna liwiro. Ntchito zotere zimalembedwa m'chinenero cha C kapena C++, n'kusandutsidwa malangizo amene processor, ndiye ubongo wa foni, amawamva mwachindunji popanda kapitao uja. Malangizowo amamangidwa m'mitolo imene amisiri amaitcha native libraries, ndipo maina a mafayilo ake amatha ndi zilembo .so. Ife tidzaitcha malaibulale, koma wowerenga asaganize za nyumba ya mabuku. Aganize za bokosi la zida za mmisiri wa matabwa, limene pulogalamu imatsegula ikafuna sowo kapena tchizulo. Google inapatsa anthu onse zipangizo zopangira malaibulale otere mu 2009, pasanathe chaka chimodzi foni yoyamba ya Android itatuluka mu 2008.

Laibulale iliyonse imasemedwa molingana ndi mtundu umodzi wa processor, monga momwe mpini umasemedwera khasu lake. Yosemedwera ARM wa 32-bit siilowa m'malo mwa ya ARM wa 64-bit, ndipo zonse ziwirizi n'zachabe pa makina a Intel. Ndipo popeza palibe kapitao, cholakwa chochepa cha mlembi chingathe kutsegulira khomo mbala. Google yomwe inanena kuti mu 2019 zibowo 76 mwa 100 zilizonse zopezeka mu Android zinali za mtundu umenewu wa kusasamala memory.

Kuika zida m'chipinda chotseka

Munthu akatenga pulogalamu ku sitolo, foni imadziwa chochita. Imayang'ana m'phukusimo, imasankha malaibulale oyenera processor wake, n'kuwaika m'chigawo cha mwini foni mmene mungalembedwe ndi kufufutidwa. Koma pulogalamu yobadwa ndi foni imakhala m'chigawo china chotchedwa system, chimene chimatsekedwa ku fakitale kotero kuti foni ili chiyakire palibe chingalembedwemo. Chifukwa chake foni siimasula phukusi la pulogalamu yotere. Mmisiri womanga foniyo ndiye ayenera kuika malaibulale pamalo pake ndi manja ake, ndipo akaiwala, kapena akaika a processor wina, pulogalamu imafa pomwe yatsegulidwa, n'kusiya dandaulo lotchedwa UnsatisfiedLinkError limene amisiri a Android onse amalidziwa monga dokotala adziwira malungo.

Pa zaka zoyamba njira inali imodzi: malaibulale onse, a Android mwini ndi a mapulogalamu oikidwiratu, ankathiridwa m'nkhokwe imodzi yotchedwa /system/lib. Mapulogalamu awiri akafuna laibulale ya dzina limodzi koma ya mibadwo yosiyana, mmodzi ankagona ndi njala. Android 5.0 wa mu 2014 anapatsa pulogalamu iliyonse kachipinda kake mmene ingasunge zida zake. Android 6.0 wa mu 2015 anapitirira apo, nalola kuti laibulale iwerengedwe ili m'phukusi momwemo, pokhapokha ikhale yosapanikizidwa ndipo iyambire ndendende pamalire a tsamba la memory. Apa ndi pamene nkhani ya 4 KB ndi 16 KB ikulowera. Laibulale yoyalidwa potsata malire akale ingathe kulephera kuyenda pa foni ya masamba aakulu. Iyenera kumangidwanso, ndipo wokhoza kuimanganso ndi yekhayo amene ali ndi zolemba zake zoyambirira.

Tsono womanga foni ali ndi njira ziwiri. Angathe kukumba chitsime chimodzi pakati pa mudzi kuti mapulogalamu onse azitunga pamenepo, kapena angathe kupatsa pulogalamu iliyonse mtsuko wake wa madzi. Chitsime chimasunga malo, chinthu chofunika kwambiri pa foni yotsika mtengo imene nkhokwe yake ndi yaing'ono, ndipo chikakonzedwa kamodzi mudzi wonse wachira. Mtsuko umadya malo, koma mwini wake angathe kuusintha osadikira mfumu. Amisiri akhala akukangana za njira ziwirizi kwa zaka zambiri, ndipo mbiri yawapatsa onse aŵiri chowachititsa manyazi.

Manyazi a chitsime anaoneka mu Julayi 2015. Bambo Joshua Drake, wa kampani ya Zimperium, anaulula kuti laibulale ya Android yomasula kanema, yotchedwa Stagefright, inali ndi zibowo zoti munthu wodziwa nambala yanu yokha akanatha kukutumizirani uthenga wa MMS wokonzedwa mwachinyengo n'kulowa nawo m'foni, nthawi zina inu musanautsegule n'komwe. Kampaniyo inayerekeza kuti mafoni okhudzidwa anali 950 miliyoni. Chodabwitsa pa nkhaniyi si chibowocho ayi, pakuti zibowo zimapezeka chaka ndi chaka. Bambo Drake anali atauza kale Google mu Epulo, napereka ndi mankhwala omwe, ndipo Google inawalandira msanga. Koma laibulaleyo inali m'chipinda chotseka chija, ndipo kiyi wake sanali ndi Google. Mankhwala anayenera kuchoka ku Google kupita kwa wopanga foni, iye awasakanize ndi zosintha zake ndi za wopanga processor, ndipo m'maiko ambiri kampani ya lamya iwavomereze, ndiye afike kwa mwini foni. Pa mafoni akale ndi otsika mtengo ulendowo unathera panjira. Mu Ogasiti chaka chomwecho Google, Samsung ndi LG analonjeza kuti azitumiza zokonza mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku limene limalembedwa m'foni lero losonyeza zokonza zomaliza linayamba chifukwa cha tsoka limeneli.

Manyazi a mtsuko anadza mu Seputembala 2023, pamene chibowo chinapezeka mu libwebp, laibulale yomasula zithunzi za mtundu wa WebP, ndipo zinadziwika kuti anthu oipa anali atayamba kale kuchigwiritsa ntchito. Laibulale imeneyi mapulogalamu ambirimbiri anaisenza m'mapukusi awo. Chrome anakonza yake, Firefox yake, Signal yake, ndipo Android anakonza ya m'chitsime mwezi wotsatira. Koma kukonza chitsime sikuyeretsa madzi amene ali kale m'mitsuko. Pulogalamu iliyonse yosenza libwebp yakeyake inayenera kukonzedwa payokha ndi mwini wake. Kwa pulogalamu ya m'sitolo imeneyi ndi ntchito ya masiku owerengeka. Nanga pulogalamu yobadwa ndi foni, yolembedwa ndi kampani yaing'ono imene inalandira malipiro ake kalekale ndipo mwina inatsekedwa, ndani adzaikumbukira?

Pano tiyenera kunena chinthu chimodzi mokomera opanga mafoni. Pulogalamu yoikidwiratu ikakhala kuti ilinso m'sitolo, ingathe kulandira mtundu watsopano. Watsopanoyo amakhala m'chigawo cha mwini foni ndi malaibulale ake, ndipo wakale amagona m'chipinda chotseka osagwira ntchito. Komatu wakaleyo sanafe. Mwini foni akafufuta zonse kuti foni ibwerere mmene inachokera ku fakitale, wakale uja amadzuka ndi zibowo zake zonse mpaka atakonzedwanso. Ndipo si mapulogalamu onse ali ndi mwayi umenewu. Mu 2019 akatswiri otsogozedwa ndi bungwe la IMDEA Networks la ku Madrid anafufuza mapulogalamu oikidwiratu m'mafoni a makampani oposa 200, napeza kuti pafupifupi 9 okha mwa 100 alionse ndiwo ankapezeka mu Google Play. Otsalawo sadutsa pa chipata cha sitolo, ndipo malamulo a sitolo, kuphatikizapo la Novembala 2025 lija, sawakhudza.

Khoswe wa pa mkhate

Zonse tanenazi ndi zolakwa za anthu ofuna zabwino. Koma chipinda chotseka chimakopanso anthu a mtima wina. Mu Julayi 2017 kampani ya Dr.Web ya ku Russia inapeza pulogalamu yakuba yotchedwa Triada m'mafoni atsopano a Leagoo ndi Nomu. Siinali pulogalamu yooneka ndi maso yoti munthu angaichotse. Inali italukidwa m'kati mwa laibulale yotchedwa libandroid_runtime.so, imene pulogalamu iliyonse ya m'foni imaigwiritsa ntchito, ndipo inabisala m'kachigawo kolemba mbiri ya zochitika, kamene mapulogalamu amakaitana kaŵirikaŵiri. Choncho mbalayo inali ndi phazi m'pulogalamu iliyonse. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo apa mawuwo anakwanira ndithu: mukachotsa laibulaleyo foni siiyakanso, mukaisiya mbala ili m'nyumba.

Mu Juni 2019 Google inavomereza poyera kuti zimenezi zinachitikadi, nifotokoza njira yake. Wopanga foni akafuna chinthu chimene Android wamba alibe, monga kutsegula foni ndi nkhope, amatumiza pulogalamu yonse yoyendetsa foni kwa kampani ina kuti ikaonjezere chinthucho. Kumeneko ndiko kumene Triada inalowera, ndipo wopanga foni anaulandira katundu wake wosadziwa chimene chabisidwamo. Tiyenera kumvetsa bwino mfundo imeneyi. Dzina lolembedwa pa chikuto cha foni si la munthu yekhayo amene anagwira m'kati mwake. Mwadutsa manja a Google, a wopanga processor, a fakitale yolumikiza zipangizo, ndi a makampani ang'onoang'ono amene maina awo wogula sadzawamva.

Nkhaniyi inafika ku Africa. Mu Ogasiti 2020 kampani ya Upstream inalengeza kuti inapeza Triada m'mafoni 53,000 a Tecno W2, ogulitsidwa makamaka ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa. Triada inkaitana mnzake wotchedwa xHelper, amene ankalembetsa eni mafoni mwakachetechete ku zinthu zolipira n'kumadya mayunitsi ndi mabandulo awo. Kampani ya Transsion, mwini wa maina a Tecno, Itel ndi Infinix, inayankha kuti choipacho chinalowetsedwa ndi wina mwa oipatsa katundu, ndi kuti inali itatulutsa kale chokonza. Sitikunena kuti mafoni a mainawa amene ali m'masitolo a Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka lero ali ndi vuto limeneli. Nkhaniyo inali ya mtundu umodzi wakale. Tikuitchula chifukwa ikuonetsa amene amalipira zinthu zikalakwika. Anali anthu ogula foni yawo yoyamba, amene kutha msanga kwa mayunitsi ankakuona ngati kusasamala kwawo kapena umbombo wa kampani ya lamya.

Anyamata okonza mafoni m'misika yathu ali ndi mankhwala amodzi a matenda onse, ndiwo kufulasha. Kunena zoona, kufulasha kumaposa kufufuta wamba, chifukwa kumalembanso chipinda chotseka chija. Koma mnyamatayo amalembamo chimene wapeza. Ngati fayilo imene watenga pa intaneti ndi yomweyo ya ku fakitale, khoswe wabwerera pa mkhate wake. Ngati ndi yochokera kwa munthu wosadziwika, palibe angalumbire za m'kati mwake. Mlanduwu si wa mnyamatayo, pakuti iye alibe njira yoonera m'kati mwa laibulale.

Zimene Google yachita, ndi malire ake

Sitinganene kuti eni Android anakhala manja lende. Android 7.0 wa mu 2016 analetsa mapulogalamu wamba kutunga m'malaibulale a m'kati amene sanalembedwe pa mndandanda wa ololedwa, ngakhale kuti mapulogalamu obadwa ndi foni anawasiyira ufulu umenewo. Android 8.0 wa mu 2017, mwa ntchito yotchedwa Treble, anamanga khoma pakati pa zida za wopanga processor ndi Android mwini, kuti chimodzi chizisinthidwa popanda kugwetsa chinzake. Chachikulu chinadza ndi Android 10 mu 2019: zigawo zina za m'chipinda chotseka, kuphatikizapo zomasula kanema ndi mawu zimene zinabala tsoka la Stagefright, zinamangidwa m'mapukusi apadera amene Google ingathe kuwasintha yokha kudzera mu Google Play, osapempha wopanga foni. Kuyambira 2021 zigawo zatsopano zambiri zikulembedwa m'chinenero cha Rust, chimene chimakana zolakwa za memory pulogalamu isanamangidwe, ndipo mu 2024 Google inati zibowo za mtundu uja zatsika kuchoka pa 76 kufika pa 24 mwa 100.

Zimenezi n'zabwino, ndipo wozinyoza sanaone mmene zinthu zinalili mu 2015. Koma tione mbali ziŵiri zimene olemba a kumaiko olemera sakonda kukhalapo nthawi. Yoyamba ndi yakuti mankhwala onsewa amachiza zigawo za Google zokha. Kamera ya wopanga foni, pulogalamu yake yoonetsa zithunzi, sitolo yake yaing'ono, ndi malaibulale a wopanga processor oyendetsa wailesi ndi zithunzi, zonsezi zikudikirabe wopanga foni monga kale. Google inalonjeza zaka 7 za zokonza pa Pixel 8 mu 2023, Samsung nayo zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024, koma amenewa ndi mafoni a anthu a ndalama. Phindu la foni yotsika mtengo ndi lochepa kwambiri, ndipo kulipira amisiri kuti azimanganso malaibulale a foni imene inagulitsidwa zaka zitatu zapitazo kumadya phindu lomwelo. Ndiponso ndalama zimene eni mapulogalamu amalipira kuti aikidwiretu ndi zina mwa zimene zimatsitsa mtengo wa foniyo. Wogula amalandira kutsika kwa mtengo tsiku logula, ndipo ngongole yake amaibweza pang'onopang'ono osadziwa.

Yachiŵiri ndi yakuti kiyi aliyense amene wachotsedwa m'manja mwa wopanga foni wapita m'manja mwa kampani imodzi. Kampani yomweyo inalipitsidwa chindapusa cha mayuro 4.34 biliyoni ndi European Commission mu Julayi 2018, mwa zina chifukwa chokakamiza opanga mafoni kuikiratu Google Search ndi Chrome ngati afuna sitolo ya Play. Ndipo pamene Boma la America linaika Huawei pa mndandanda wa makampani oletsedwa mu Meyi 2019, mafoni atsopano a kampaniyo anatuluka opanda sitolo ya Google, motero opandanso njira ija yolandirira zokonza. Ife tikuganiza kuti kwa wogula wamba kiyi ali bwino m'manja mwa amene amakonzadi kusiyana ndi amene sakonza konse. Koma Boma lililonse lanzeru liyenera kudziwa kuti njira yochizira mafoni a anthu ake imadutsa m'dziko la eni.

Mu Januwale 2020 mabungwe oposa 50, motsogozedwa ndi Privacy International, analembera Bambo Sundar Pichai, mkulu wa Google, kupempha zinthu zitatu: kuti munthu azitha kuchotseratu pulogalamu yoikidwiratu, kuti mapulogalamu otere aziyesedwa ndi muyeso womwewo wa a m'sitolo, ndi kuti akhale ndi njira yolandirira zokonza. Pempho lachitatu ndilo lagona pa nkhani yathu, ndipo ndilo limene lamulo la ku Ulaya la Juni 2025 layesa kuliyankha, koma kwa mafoni ogulitsidwa m'maiko a Ulaya okha. Wopanga foni angathe kumvera lamulolo pa mitundu imene amatumiza ku Paris ndi Berlin, n'kupitiriza kutumiza mitundu ina kumene kulibe lamulo lotere.

Kwathu kuno foni yasanduka chikwama. Airtel Money ndi TNM Mpamba ndi momwe mumadutsa ndalama za sukulu, za feteleza ndi za chipatala, ndipo nambala yachinsinsi imalembedwa pa makina amene mwini wake sangathe kuwaona m'kati. Bungwe la MACRA lili ndi udindo wovomereza mitundu ya zipangizo za mauthenga zisanagwiritsidwe ntchito m'dziko muno. Kufukula laibulale iliyonse ya foni iliyonse ndi ntchito imene ingalemere ngakhale maiko aakulu. Koma pali funso lotsika mtengo limene wovomereza aliyense angathe kufunsa woitanitsa katundu: kodi foni iyi idzalandira zokonza kufikira chaka chiti, ndipo adzazitumiza ndani? Yankho litalembedwa pa bokosi, wogula akanatha kuyerekeza mafoni aŵiri a mtengo wofanana ndi muyeso wina woposa kukula kwa kamera. Msika wa Malawi pawokha ndi waung'ono kuti ugwedeze fakitale ya ku Shenzhen, koma funso lomwelo litafunsidwa ndi maiko a SADC kapena COMESA pamodzi lingamveke.

Pakali pano wowerenga angathe kudzionera yekha pamene foni yake yaima. Alowe mu Settings, apite pa About phone, ndipo pansi pa nambala ya Android adzapeza tsiku la zokonza za chitetezo zomaliza. Pa Android 10 ndi otsatira ake adzapezanso tsiku lachiŵiri la Google Play system update. Lachiŵirilo likusonyeza zigawo zimene Google imakonza yokha, ndipo kaŵirikaŵiri limakhala laposachedwa. Loyambalo ndi la wopanga foni, ndipo likakhala la zaka ziŵiri kapena zitatu zapitazo, ndiye kuti malaibulale ake a m'chipinda chotseka sanakhudzidwe chiyambire tsiku limenelo.